Kodi zitosi za nkhunda zingadwalitse mwana wanga?

Funso: A Dokotala, nkhunda ndi mpheta zimatera padenga pathu tsiku lililonse, ndipo pakhonde pamangokhala zitosi zokhazokha. Mwana wanga wa miyezi 9 wayamba kukwawa. Ndamva kuti mbalame zimakhala ndi salmonella. Kodi n'zoona?

Yankho: N'zoona mayi, koma si mbalame iliyonse. Salmonella ndi mabakiteriya okhala m'matumbo, ndipo amatuluka ndi zitosi. Akatswiri akayeza mbalame za m'matauni amawapeza mwa zochepa chabe, kawirikawiri zija zodya pamtaya ndi m'ngalande za zonyansa. Chovuta n'chakuti mbalame imatha kukhala nawo koma ikuoneka yathanzi bwinobwino.

Salmonella alipo wa mitundumitundu, ndipo wochuluka m'mbalame ndi mtundu wotchedwa Typhimurium. Uja woyambitsa typhoid amakhala mwa anthu okha, ndiye pamenepo mbalame tisazinamizire. Komabe Typhimurium amafika kwa anthu: mu 2021 anthu angapo ku America anadwala atagwira timbalame todwala ndi ziwiya zodyetsera mbalame.

Munthu amadwala tizilomboto tikalowa m'kamwa, ndipo n'chifukwa chake mwana wanuyo ndi amene akundidetsa nkhawa. Wokwawa amagwira chilichonse, zala n'kupita kukamwa. Matendawa amayamba pakadutsa maola 6 mpaka masiku 6: kutsegula m'mimba, kupotokola, kutentha thupi, nthawi zina kusanza. Wamkulu wathanzi amachira yekha m'masiku 4 mpaka 7 ngati akumwa madzi okwanira ndi ORS. Kwa khanda, okalamba, mwana woperewera zakudya m'thupi kapena munthu amene chitetezo chake chatsika, monga ndi HIV, tizilomboto timatha kulowa m'magazi, ndipo zikatero moyo umakhala pachiswe.

Musasese zitosi zouma. Zinyowetseni kaye, muzichotse mutavala magolovesi kapena pulasitiki kumanja, mukolope ndi sopo, kenako musambe m'manja. Mwanayo azikwawira pamalo otsuka. Vundikirani chakudya ndi madzi akumwa, ndipo madzi a mvula otsika padenga muziwawiritsa. Mbalame yakufa kapena yongoti ndwii, nthenga zitafufuma, ana asaitole, mphakanso asaidye chifukwa naye amatengera.

Mwana akayamba kutsegula m'mimba thupi likutentha, chimbudzi chikakhala ndi magazi, akamakana bere kapena liwombo likalowa, thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Musamugulire maantibayotiki panokha, chonde. Nthawi zambiri safunika, ndipo akafunika, adokotala ndiwo asankhe oyenera atamuyeza.