Wotchi ya pamkono, timahedifoni ta m'makutu, ndi agogo ochokera ku Katete

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chilenje mu Lusaka. Mwana wawo wamwamuna, yemwe wangoyamba kumene ntchito, anagula smartwatch, wotchi yamakono yolumikizana ndi foni, ndi timahedifoni ta m'makutu topanda chingwe. Mwezi watha agogo ake anabwera kuchokera ku Katete kudzaonana ndi dokotala. Tsiku lina madzulo atakhala pakhonde akumufotokozera za kumudzi, mnyamatayo ankangoyang'ana pamkono kawirikawiri. Agogowo anadula nkhani n'kunena kuti, "Pita mwanawe, ndaona kuti ndakuchedwetsa." Mpaka tsiku lobwerera sanachezenso naye. Mayiwo akufunsa ngati zinthu zimenezi zikuwononga ulemu wa ana athu, komanso ngati n'koyenera kumuuza kuti asiye kuzivala.

Mayi, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani ya m'nyumba mwanu. Ndiyambe ndi agogo, chifukwa mtima wanga uli kwa iwo. Sanalakwitse kumva momwe anamvera. Kuyambira kale, munthu akadzutsa mkono n'kuyang'ana wotchi wina ali pakati pa kulankhula, tanthauzo lake ndi limodzi: nthawi yanga yatha, malizani. Agogo anawerenga chizindikiro chimene achidziwa moyo wawo wonse.

Koma ndikukayika ngati mwana wanu ankaona nthawi. Wotchi imeneyi imalumikizana ndi foni kudzera pa Bluetooth, ndiye uthenga wa WhatsApp ukalowa, kapena wina akaimba, imanjenjemera pakhungu. Mkono umadzuka wokha mwini wake asanaganize n'komwe. Apa ndi pomwe zovala zamakonozi zasiyanirana ndi foni. Foni ikalira aliyense amamva, mwini wake amati "pepani pang'ono", ndipo mlendo amadziwa chimene chadula nkhani. Foni ungaisiye kuchipinda pa chaja. Wotchiyi yamangidwa pathupi, ndipo kuitana kwake amakumva wovalayo yekha. Amene wakhala naye amangoona maso akuthawira pamkono, osadziwa chifukwa.

Zinthuzi zatifikira mofulumira. Apple Watch inayamba kugulitsidwa mu 2015, timahedifoni ta AirPods kumapeto kwa 2016, ndipo nthawi imeneyo zinali za anthu opeza bwino. Lero mukadutsa ku Kamwala kapena ku Town Centre mupeza mawotchi ndi timahedifoni ta Oraimo ndi mitundu ina yotchipa zitayalidwa pamodzi ndi machaja ndi makava a foni. Mwambo wa kavalidwe kake ndi umene sunakhazikike. Chipewa tonse tinaphunzitsidwa kuvula polowa m'nyumba ya eni kapena popereka moni kwa akulu. Za timahedifoni palibe anatiphunzitsa.

Ine chimene chimandidetsa nkhawa kuposa wotchi ndi timahedifonito, ndipo ndikunena ngati munthu amene ndimativala. M'mawa wina ndikuchoka kunyumba ku Kalingalinga ndinadutsa mayi woyandikana nafe akusesa pabwalo. Ndinali nditatseka makutu onse awiri. Ndinaona milomo yawo ikugwedera, ndinakweza dzanja, n'kupitirira. Madzulo ake ndinamva kuti amuna awo anadwala usiku, ndipo ankafuna kundifunsa ngati ndikudziwa munthu wa galimoto woti awathamangitsire kuchipatala. Anapeza thandizo kwina patapita nthawi. Nditapita kukapepesa anandilandira bwino, koma anati, "Ndinakuitanani kawiri, mwanangu." Mawu amenewo sanandichoke mpaka lero.

Kwathu moni ndi khomo la nkhani. "Mwadzuka bwanji" amatsegula njira yoti munthu anene za matenda, za maliro, za nyumba ya lendi imene yapezeka, za ganyu imene yamveka. M'minibasi yochokera ku Kulima Tower anthu osadziwana amafunsana njira, kugwirirana katundu, kunyamulirana mwana. Tsopano muona kondakitala akupempha ndalama katatu kwa mtsikana amene sakumva, mpaka wina amukodole. Ndipo poti timahedifoniti n'tating'ono, tsitsi kapena chipewa chikatiphimba wolankhulayo sadziwa kuti sakumvedwa. Amangoti wanyozedwa.

Sindikufuna muone ngati zonse n'zoipa. Kuseri kwa wotchiyo kuli kagetsi kobiriwira kamene kamawalira pakhungu. Magazi amamwa kuwala kobiriwira, choncho wotchi imatha kuwerenga kugunda kwa mtima poona mmene kuwalako kukubwererera. Ndikudziwa anthu amene anayamba kuyenda m'mawa m'magulu chifukwa chopikisana pa mapazi amene wotchi yawerenga, ndipo ubale wawo unakula. Nambala yotchuka ya mapazi 10,000 ija inachokera ku Japan m'zaka za m'ma 1960, pa dzina la kachipangizo kowerengera mapazi kamene kankatsatsidwa kumeneko, choncho asadzidandaule amene sakufikapo. Chenjezo langa ndi limodzi: nambala ya BP (kuthamanga kwa magazi) imene wotchi yotchipa ikuonetsa musaidalire. Ya BP mukayezetse kuchipatala.

Palinso china chikubwera chimene ife a kum'mawa tiyenera kuchiganizira msanga, ndicho magalasi a m'maso okhala ndi kamera. Google Glass anatuluka mu 2013, ndipo anthu ambiri sanasangalale kukhala pafupi ndi munthu amene angawajambule mosadziwa. Mu 2023 kunabwera magalasi a Ray-Ban Meta, ooneka ngati magalasi wamba, okhala ndi kagetsi kakang'ono koyaka akamajambula. Taganizirani munthu atavala amenewo pamaliro, m'nyumba ya chinamwali, kapena pafupi ndi dambwe, kumene kuli zinthu zosayenera kuonedwa ndi aliyense. Dziko lathu la Zambia lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act la 2021, koma pasiwa amene adzaletse ndi achibale, asanafike a malamulo.

Ndiye mumuletse? Ine ndikuti ayi. Ndi munthu wamkulu, wagula ndi thukuta lake, ndipo mukamuletsa adzangoona ngati simukumvetsa za masiku ano. Mukhale naye pansi awiriwiri, mumuuze mawu enieni amene agogo ananena, monga mwandilembera ine. N'kutheka kuti sakudziwa n'komwe kuti agogo anapita ndi chilonda. Mumukumbutse kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, makamaka mlendo wa zaka ngati zawo amene wabwerera matenda.

Kenako mumupemphe zinthu zazing'ono zimene angathe. Mawotchi ambiri ali ndi pozimitsira mauthenga, pena amalemba kuti Do Not Disturb. Akakhala ndi akulu, patebulo, kutchalitchi kapena pamaliro, adinize pamenepo. Angathenso kusankha kuti wotchi izinjenjemera pa mafoni okha, osati pa uthenga uliwonse wa m'magulu a WhatsApp. Timahedifoni azitichotsa tonse tiwiri, m'maso mwa munthuyo, asanayankhe moni. Kuchotsa kamodzi kokha sikukwanira, chifukwa wamkuluyo amaonabe kuti wapatsidwa khutu limodzi. Ndipo ngati akudikiradi uthenga wa kuntchito, anene poyamba kuti, "Agogo, mukaona ndikuyang'ana apa, ndi abwana akundifuna, sikuti ndatopa nanu."

Za agogo zisadikire Khirisimasi. Awaimbire sabata ino, awafunse za nkhani ija anaidula pakati. Ngati angapeze tchuthi mu Ogasiti, nthawi ya mwambo wa Kulamba ku Mkaika, akwere basi pa Intercity akawaone. Akafika awaveke wotchiyo pamkono, awaonetse kagetsi kobiriwira kaja ndi nambala ya kugunda kwa mtima wawo, kuti adzionere okha chimene chinkamukoka maso tsiku lija. Mudzandilemberenso, mayi, ndimve mmene agogo akupezera.