Funsani Achimwene a Magemu: Ziwombankhanga zikungoikira koma anapiye osaoneka

Mwezi uno makalata ambiri abwera a gemu imodzi, Dwarf Fortress, ndipo pafupifupi onse ndi a mbalame, kaya munapangana kaya. Kwa amene simukuidziwa, ndi gemu ya pa kompyuta yomwe anapanga anthu awiri apachibale a ku America, Tarn ndi Zach Adams, inatuluka 2006. Umayamba ndi ma dwarf 7, tianthu tafupitafupi tandevu tokonda mowa ndi kukumba mapanga, ndiye iweyo ntchito yako ndi kutiuza zochita mpaka mudzi ukule, kapena mpaka tonse tithe, zomwe zimachitika kawirikawiri. Mafunso ndawadula pang'ono chifukwa ena munalemba ngati mukudandaula kubwalo kwa amfumu.

Funso: Achimwene ndithandizeni mutu waima. Ndili ndi ziwombankhanga zikuluzikulu zija ziwiri, giant eagle, chachimuna ndi chachikazi. Ndinamanga nest box, kabokosi koikiramo mazira, chachikazi chimapita kukaikira bwinobwino koma ndikabwerako kokaona zaku mgodi ndimapeza mazira mulibe. Zaka zitatu za mu gemu zatha ndilibe mwanapiye olo mmodzi. Ndi ufiti kapena gemu yanga ndi yofoira? Mfana wa pa Santhe

Aise, mfiti yake ndi anthu ako omwe. Mazirawo anadyedwa kalekale, mwina unawaona pa mndandanda wa zakudya osadziwa kuti ndi ako aja. Dwarf akaona dzira mu nest box saganiza za anapiye, amangoona ndiwo, amalinyamula nkupita nalo kosungira zakudya, wophika nkulisakaniza ndi bowa basi nkhani yatha. Ndipo dzira likangochotsedwa pachisa ndiye kuti lapita, olo ulilondole sungalibwezere kuti liswe.

Ndiye zochita zake ndi zomwe agogo amachita ndi thadzi likayamba kukhalira, kuliikira chikwere pamalo pobisika ana asamafikepo. Kumba kachipinda kakang'ono, ikamo nest box, ikapo chitseko, malowo uwalembe kuti ndi pasture, malo osungira ziweto, ndipo ziwombankhanga zonse ziwiri uzilembe mmenemo. Zonse ziwiri ndithu, chifukwa chachimuna chikakhala kutsidya kwa mtsinje kapena chotsekeredwa mu keji mazira amaikiridwa inde koma amakhala osukusa, chachikazi chimangokhalira mphepo. Chikangoikira imitsa gemu nthawi yomweyo, dina pa mazirawo uwapange forbid, kutanthauza kuti wina aliyense asawakhudze. Ine sindikhulupirira chinthu chimodzi, ndimapitanso ku khitchini kukaletsa kuphika mazira a mtundu umenewo, komanso mu stockpile ya zakudya, kosungira kuja, ndimachotsamo mazira pa mndandanda wa zololedwa. Kenako kiya chitseko.

Ukatero udikire pafupifupi miyezi 3 ya mu gemu. Usamatsegule tsegule kukasuzumira, mayiyo akuyenera kukhala pachisa.

Pali kachinthu kena kamene anthu ambiri sakadziwa. Mu gemu imeneyi si nyama iliyonse imene imafuna kuswana, zina zinangobadwa zopanda nazo chidwi, ndiye utha kuchita zonse molondola koma tambala wakoyo nkukhala woti alibe nazo ntchito. Ukaona kuti maulendo awiri atatu mazira akungokhala osaswa chonsecho palibe wawagwira, usalimbane nazo, saka chachimuna china. Mazira akalewo uwachotse forbid adye anthu, chisa chipeze malo.

Funso: Ine vuto langa ndi logwira. Ndinatchera ma cage trap, misampha ya keji, 20 panja koma mbalamezo zimangouluka mmwamba kundiyang'ana. Ndagwira akalulu ndi mbuzi zakutchire basi. Mlongo wanu, Kasungu boma

Chemwali, munatcherapo ulimbo muli mwana? Suupaka paliponse, umaupaka pa nthambi imene mbalame imatera. Cage trap imagwira chimene chaponda pamalopo, chouluka mmwamba sichiiona nkomwe. Ndiye muyenera kuchikakamiza kuti chitsike. Mangani kanjira kopapatiza kokhala ndi denga, ngati kangalande, mkati mwake ndandalikani misampha, kumapeto kwake mumangirire nyambo pa tcheni, kagalu kapena kambuzi. Mbalame ikafuna kufika pa nyamboyo njira ndi imodzi yokha, kulowa mu kanjirako, basi yakodwa. Ena amamanga zimenezi pamwamba pa phiri kapena pa nsanja poti nkumene zimakonda kuzungulira. Zimafuna kudekha, nyengo yonse itha kudutsa osagwira kanthu, ndiye tsiku lina mungomva kuti keji yadzadza.

Msampha uliwonse umafuna mechanism imodzi, kachipangizo kofwamphula msampha, ndi keji imodzi, ndipo ukagwira uyenera kuikidwanso keji ina, choncho kalipentala wanu asagone. Keji ya matabwa ikukwana, musataye chitsulo, mu gemu imeneyi keji ya thabwa imasunga olo chilombo chachikulu ngati nyumba.

Koma poti mwati mukugwira akalulu wamba, ndikukaikira ngati malo amene munamanga mudzi ali oyenera. Nyama za giant zimapezeka kumalo olusa, posankha malo muyang'ane polembedwa Untamed Wilds kapena Joyous Wilds. Polembedwa Terrifying pamapezekanso zimphona koma kumeneko musapiteko kaye, mukalira. Ngati zomwe zikuuluka kwanuko ndi ziwombankhanga wamba ndiye kuti olo mugwire mupeza kambalame koti dwarf atha kukanyamula kukhwapa.

Njira ya aulesi iliponso, ine ndimaikonda. Ma elf, mtundu wa mnkhalango wokonda mitengo, amabwera ndi malonda chaka chilichonse nyengo ya spring, yoyamba pa chaka cha mu gemu, ndipo nthawi zina amabweretsa nyama zachilendo mmakeji, zoweta kale mpaka kalekale. Mukapezamo giant eagle gulani osanenerera. Kungoti musayerekeze kuwapatsa chinthu chathabwa posinthana, olo bokosi lonyamuliramo katundu, amakwiya ngati mwawatukwanira mayi, amalongedza nkumapita.

Funso: Madala, chiwombankhanga changa chinali trained bwinobwino chimayenda ndi anthu mu dining. Tsiku lina magetsi atabwera ndatsegula gemu sipanathe mphindi 10 chapha wofulula mowa ndi mwana wake, mudzi wonse wasokonekera anthu akumenyana. Chinapenga bwanji? Wa ku Chamama

Pepani maliro, makamaka wofulula mowayo, poti dwarf wopanda mowa ntchito amagwira mozemba. Koma sichinapenge, chinangokumbukira kwawo.

Apa ndi pamene pali mutu wa nkhani yonse ya mwezi uno ndiye ndikhalitsapo. Nyama imene mwaigwira kutchire ili yaikulu kale simakhala yanu mpaka kale. Trainer, dwarf wophunzitsa zinyama, akaipatsa nyama kapena nsomba ili mu keji imalandira giredi, kuyambira trained, well-trained, kukwera choncho mpaka masterfully trained kutengera luso la trainer wanuyo. Koma giredi imeneyo imatsika yokha nthawi ikamapita. Ikafika pa semi-wild ndiye belu lomaliza limenelo, kenako wild, ndipo ikabwerera ku wild ili pakati pa anthu mu dining zotsatira zake mwaziona kale. Gemu imakuchenjezani ndithu koma uthengawo umabwera pakati pa mauthenga ena 50 a zakuti wina wasowa sokosi.

Ndiye chogwidwa kutchire muzichiona ngati mbewu, osati ngati chiweto. Ntchito yake ndi kuikira basi. Anapiye akaswa amatengera giredi ya mayi awo, koma mwanapiye akaphunzitsidwa asanakule amasanduka tame yeniyeni, yosabwereranso, ndipo ana ake adzabadwa ali oweta kale ngati nkhuku zapakhomo. Tsiku loswa limenelo siyani zonse, olo ku geti kukhale ma goblin, adani odzaukira mudzi, lowani pa mndandanda wa ziweto mumpatse trainer mwanapiye aliyense payekha. Mukachedwa nkukula, mwabwerera pa ziro, muli ndi gulu la zilombo zofuna kuphunzitsidwa moyo wake wonse.

Pali pomwe anthu amagwa apa. Mayi uja akukhalira mazira miyezi 3 ali mchipinda chokiya, giredi yake ikutsika, trainer sangalowe. Mukatsegula, trainer amamuitanira ku training zone kutali uko, mazira nkutsala okha. Mankhwala ake ndi osavuta, training zone muijambule pamwamba pa nest box pomwepo kuti maphunziro azichitikira pachisa, chitseko muzitsegula nthawi ya maphunziro yokha, mazira ali pa forbid. Komanso musanamulowetse mchipindamo muonetsetse kuti giredi yake ili pamwamba.

Trainer akhale mmodzi yemweyo, musamupatse ntchito zina zonyamula miyala. Luso lake limakwera, amazolowerana ndi nyamayo, komanso mudzi wanu umanka nudziwa bwino mtundu umenewo moti zogwidwa mtsogolo sizivutanso ngati zoyamba. Ndipo chilichonse chogwidwa kutchire chisamapondeko ku dining, chikhale kwake kotseka.

Funso: Kodi roc ndi chani, ndipo ndingawete? Mnzanga akuti ali nazo 6. Wa pa Nkhamenya

Mnzakoyo umuuze akuonetse sikirini. Roc ndi chimbalame cha mnthano za Aluya ndi Aperezi, ankati chimanyamula njovu ngati mmene kabawi amawakhira mwanapiye. Mu gemu ndi megabeast, chilombo chachikulu zedi, gulu limodzi ndi dragon, zimakhalapo zowerengeka dziko lonse ndipo sizibwera kumudzi wosauka, zimadikira ulemere kaye. Cage trap imachigwira ndithu ngati chapondapo, chimaphunzitsika, mpaka cha nkhondo. Koma kuti uwete ukufunika chachimuna ndi chachikazi, zonse zibwere kwa iwe, zonse zikodwe asilikali ako asanazibaye. Zimatheka koma ndi mwayi wa lotale. Ine chiyambire ndinagwirapo chimodzi, chachimuna, chinakalambira mu keji pa geti ngati chokongoletsa.

Funso: Laputopu yanga ndi yakale, ya sekondi handi. Itha? Nanga pa foni? Wophunzira, Mtunthama

Pa foni iwalani. Pa laputopu yesani ya classic, ndi yaulere pa webusaiti ya Bay 12 Games ndipo siidya bandulo yambiri, kungoti zithunzi zake ndi zilembo, chiwombankhanga chachimphona ndi E basi, maso amazolowera pakatha sabata. Ya zithunzi zooneka bwino inatuluka pa Steam mu December 2022, imeneyo ndi yogula. Chimene chimapha laputopu yakale si zithunzi koma kuchuluka kwa zinthu zoyenda, ndiye sankhani mapu aang'ono ndipo mbalame zikaswana musasunge zonse, zina zizipita kwa butchala. Muzipanga save pafupipafupi, magetsi athuwa mukuwadziwa.

Funso: Achimwene, ine si wosewera, ndine kholo. Mwana wanga wa Fomu 2 watengeka ndi gemu imeneyi moti tsopano akuti iye ndi anzake aona chisa cha chiwombankhanga mumtengo kufupi ndi malire a paki, akufuna akatenge mwana wake adzawete ngati mu gemu. Ndimuuze chani? Bambo wa kwa Chulu

Bambo, zikomo polemba, ndipo mumuletse lero lomwe. Choyamba ndi mlandu. Nyama zakutchire kuno zili pansi pa National Parks and Wildlife Act, lamulo limene analikhwimitsa mu 2017, ndipo kusunga nyama yotetezedwa popanda chilolezo kumamangitsa, kulowa mu paki mwachisawawa ndi mlandu winanso pawokha. Paki ya Kasungu si malo oti ana azikayendamo wapansi, mu 2022 anabweretsamo njovu 263 kuchokera ku Liwonde, inu a kwa Chulu simufunika kuuzidwa ndi ine.

Chachiwiri mumuuze kuti gemu imanama pa chinthu chimodzi chachikulu. Mmenemo chiwombankhanga chikazolowera sichifunanso chakudya, chimangokhala. Chenicheni chimafuna nyama yaiwisi tsiku ndi tsiku, ya mafupa ndi ubweya womwe, ndipo mwana wake akamadyetsedwa mnofu wokhawokha kapena madeya mafupa amapindika, samadzaulukanso. Nkhuku za mayi ake zitha mwezi usanathe. Zikuluzikulu ngati martial eagle, yomwe mapiko ake akatambasuka amafika mamita awiri, zimaikira dzira limodzi lokha, kawirikawiri kamodzi pa zaka ziwiri, ndiye akatenga kamwana kameneko wafafaniza zaka ziwiri za banja lonse. Ndipo zikhadabo za make si zoseweretsa munthu ali pamwamba pa mtengo.

Alipo anthu amene amasakadi ndi ziwombankhanga, a mtundu wa Kazakh kumadzulo kwa Mongolia, koma ndi luso la makolo lophunzira zaka, ndipo iwonso pakapita zaka amaimasula mbalameyo kubwerera kutchire. Ngati mwanayo amakondadi mbalame, tsiku lina mupite naye mwa dongosolo kudzera pa geti mpaka ku damu la Lifupa mmawa, akakhale phee pamphepete ayang'ane mmitengo, mwina aona nkhwazi, yomwe ija ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko lathu. Za chisacho mukawauze a zanyama zakutchire kuti adziwe pomwe chili, ndipo anzake aja muwalankhulenso makolo awo chifukwa wanuyo mutha kumuletsa koma legeni ili ndi wina.

Amene munafunsa za kuweta akadzidzi achimphona, ndondomeko yake ndi yomweyi ya nest box ndi forbid, koma musadzanditumizire sikirini yake usiku.