Kodi ku Norton amavotera chipani chiti?

Mayi wina wa ku Mufakose, lokesheni ya mu Harare muno mu Zimbabwe, wandilembera imelo sabata ino. Akuti agula malo ku Norton ndipo akufuna kusamukirako ndi banja lonse. Funso lawo ndi ili: kodi tawuni imeneyi ndi ya chipani chiti, nanga ife amene makolo athu anachokera ku Malawi timawonedwa bwanji kumeneko nthawi ya chisankho?

Amayi, ndikuyankhani pano poti ndi ambiri amene ali ndi funso lomweli.

Norton ili makilomita pafupifupi 40 kuchokera mu Harare, pa msewu wa ku Bulawayo, m'chigawo cha Mashonaland West. Chigawo chimenechi ndi kwawo kwa malemu Robert Mugabe, ndipo madera ake akumidzi akhala akuvotera chipani cholamula cha ZANU PF kwa zaka zambiri. Wina akangomva zimenezi amaganiza kuti Norton nayonso ndi choncho. Ayi ndithu. Mu 2008 mpando wa phungu unapita ku chipani chotsutsa cha MDC cha a Morgan Tsvangirai. Mu 2013 anautenga a Christopher Mutsvangwa a ZANU PF. Iwowo atachotsedwa m'chipani mu 2016, panachitika chisankho chapadera mu Okutobala chaka chomwecho, ndipo anapambana ndi a Temba Mliswa, oyima paokha, amene kale anali wapampando wa ZANU PF m'chigawochi. Nthawi imeneyo MDC inkanyanyala zisankho zapadera, choncho otsatira ake ambiri anaponya voti kwa a Mliswa.

Chimene chimandikopa ine ndi cha 2018. Zipani zikuluzikulu zonse ziwiri zinaimika anthu awo, a Mutsvangwa anabwereranso, koma a Mliswa anapambanabe opanda chipani. M'dziko muno zimenezi ndi zosowa. Kenako pa 23 Ogasiti 2023 anthu omwewo anawatsitsa, n'kusankha a Richard Tsvangirai a chipani chotsutsa cha CCC, mwana wa malemu Morgan.

Ndiye mukafuna ndinene mbali, ndinena kuti m'malokesheni monga Katanga, Ngoni ndi Maridale mtima wa anthu uli ngati wa kwanu ku Mufakose komweko, umapendekera kotsutsa boma. Ndipo n'zomveka. Ambiri amadzuka mbandakucha kukakwera kombi yobwera kuno ku Harare kudzagwira ntchito, madzulo n'kubwerera. Nkhani za m'kombimo ndi zomwe timakamba ife: madzi osatuluka m'mipopi, zonyansa zosefukira m'misewu, mafakitale amene anachepetsa antchito, achinyamata ongokhala. Koma dera la phunguyo silithera m'tawuni. Limafikanso kumapulazi ozungulira kumene anthu anapatsidwa minda kuyambira mu 2000, ndipo kumeneko ZANU PF ili ndi mphamvu, chifukwa munthu amene anapeza munda kudzera m'chipani saiwala msanga, komanso amaopa kuulandidwa. Mavoti awiriwa akakumana, amene amapambana nthawi zambiri ndi uja wawonekera kwa anthu: wabwera pamaliro, wakumbitsa mjigo, walankhula mokweza m'nyumba ya malamulo. Ine ndimawalemekeza anthu a ku Norton pa chifukwa chimenechi. Amayang'ana munthu, ndipo akatopa naye amamuchotsa.

Tsopano za ife. Achewa, Ayao ndi Amang'anja alipo ambiri kumeneko, zidzukulu za anthu amene anabwera kudzagwira ntchito m'mapulazi a fodya ndi m'migodi. Mudzawamva pamsika wa nsomba za ku Chivero ndi Darwendale, mudzaona gule wamkulu pamaliro, mudzapeza mzikiti ndi CCAP. Koma musamve zoti tonse timavotera kumodzi. Alipo amene ali m'nthambi za chipani cholamula, alipo otsutsa, ndipo alipo ochuluka amene savota n'komwe.

Gulu lomalizali ndi limene limandipweteka mtima. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu obadwira muno koma makolo awo ali akunja anapezeka kuti sali nzika, zitupa zawo zikuwatchula kuti alendo, ndipo ambiri anachotsedwa m'kaundula wa ovota. Mu 2005, nthawi ya Murambatsvina pamene boma linkagumula nyumba zimene linkati n'zosaloledwa, anthu a ku Porta Farm pafupi ndi Norton anagumulidwira nyumba n'kubalalitsidwa. Amene anaona zimenezo anaphunzira kukhala chete. Malamulo aakulu a dziko a 2013, m'ndime 43, anabwezera unzika kwa wobadwira mu Zimbabwe amene kholo lake ndi la dziko la SADC, bola anali kukhala muno. Komabe mpaka lero mudzapeza agogo atasunga chitupa chakale chija m'kapepala ka pulasitiki, chokulungidwa pansonga ya chitenje, osadziwa kuti angathe kukachisintha. Ana awo ena alibe ngakhale chikalata chakubadwa.

Choncho amayi, musanapakire katundu, yang'anani zitupa za aliyense m'nyumba mwanu, makamaka za apongozi ndi ana amene akwanitsa zaka 18. Chofuna kusinthidwa chisinthidwe ku ofesi ya kalembera muli kuno. Mukakhazikika, pitani ku ZEC, bungwe loyendetsa zisankho, ndi umboni wa kumene mukukhala kuti asamutse dzina lanu, chifukwa voti imaponyedwa pamalo pamene munalembetsa. Mukapanda kutero, tsiku lovota mudzayenera kubwerera ku Mufakose, ndipo khansala wa kumene mukumwa madzi adzasankhidwa inu kulibe.

Za chitetezo, nthawi ya misonkhano mumakhala phokoso ndi kukankhana monga m'matawuni ena. Miyezi yoyamba musafulumire kuvala malaya a chipani kapena kulandira khadi kwa aliyense wogogoda pakhomo. Yambani mwadziwa aneba anu, ndiponso mufufuze ngati malo munagulawo ali ndi mapepala a khonsolo, poti malo ogawidwa ndi anthu achipani ndi amene amabwera ndi mawu akuti muvote motere.