Kodi Munthu Wamkulu Woopa Madzi Angayambe ndi Snorkeling?

Mayi wina wa ku Luchenza, m'boma la Thyolo, anditumizira imelo yokhala ndi funso limene ndikukhulupirira kuti ambiri ali nalo mumtima. Iwo ndi mphunzitsi wa zaka za m'ma 40 ndipo sadziwa kusambira. Ali mwana anzawo anawakankhira m'dziwe mumtsinje wa Thuchila mpaka anamwa madzi, ndipo chichokereni tsiku limenelo salola kuti madzi awapitirire m'mawondo. Namondwe wa Freddy wa mu March 2023 anangowonjezera manthawo. Tsopano anzawo akuntchito akukonza ulendo wa ku Cape Maclear ndipo akuwauza kuti akangovala magalasi a m'madzi ndi kapaipi kopumira, zimene amazitcha snorkeling, mantha onse atha. Iwo akufunsa ngati izi n'zoona, komanso ngati munthu wa msinkhu wawo angadzafike polowa pansi pa madzi ndi botolo la mpweya.

Mayi, yankho langa ndi lakuti inde, n'zotheka, koma osati m'njira imene anzanuwo akunenera. Mantha anu ali ndi chifukwa chake chomveka, ndipo munthu aliyense amene angakuuzeni kuti mungolimba mtima n'kudumphira, kapena amene angakukokereni pakuya mwanthabwala, musamumvere ngakhale atakhala m'bale wanu. Zimene zinakuchitikirani ku Thuchila zija n'zimene thupi lanu likukumbukira, ndipo kulibwerezera zomwezo kungangolimbitsa manthawo.

Chimene anthu ambiri oopa madzi amaopa kwenikweni ndi kubanika. Madzi akangofika pamphuno, munthu amadzutsa mutu mwamphamvu, n'kuyamba kupuma mwawefuwefu, n'kukweza manja m'mwamba. Zonsezi zimamumiza. Mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5, ndipo ukatuluka m'madzi miyendo imatsika pansi, pamene ukagona m'madzi, madziwo ndi amene amaunyamula. Mapapo odzaza mpweya amathandizanso thupi kuyandama. Apa ndi pamene kapaipi kaja kali ndi phindu lenileni: kamakulolani kugoneka nkhope m'madzi kwinaku mukupuma, ndipo magalasi amakulolani kuona pansi pomwe mwaima, moti madzi amasiya kukhala mdima wosadziwika chimene chili mkati mwake.

Choncho yambirani kunyumba, ulendo usanafike. Thirani madzi m'beseni lalikulu, khalani pansi bwinobwino, viikani nkhope n'kumatulutsa mpweya pang'onopang'ono m'mphuno mpaka thovu lizituluka, kenako dzutsani mutu, kokani mpweya ndi pakamwa, n'kubwerezanso. Zingaoneke ngati zachibwana, koma luso lonse la kusambira latsamira pamenepa. Mukapeza magalasi ndi kapaipi, valani muli pamtunda ndipo muzolowere kupumira pakamwa pokha, chifukwa magalasiwo amatsekanso mphuno. Muzipuma modekha ndi mozama. Mukamapuma mofupikitsa, mpweya womwe mwatulutsa umatsalira m'paipi ndipo mumaukokanso, zimene zimakuchititsani kumva ngati mukubanika pamene mpweya ulipo wokwanira. Ambiri amene amataya mtima tsiku loyamba amagwa ndi chimenechi, osadziwa kuti vuto ndi kapumidwe chabe.

Ndikupemphani kuti musakayeserere ku Dziwe la Nkhalamba ku Likhubula, kapena m'maiwe ena a m'phiri la Mulanje, ngakhale ali pafupi ndi kwanu ndipo ndi okongola. Madzi ake ndi ozizira kwambiri, ndipo madzi ozizira amachititsa munthu kukoka mpweya mwadzidzidzi asanafune, chomwe ndi choopsa ngati nkhope ili m'madzi. Miyala yake ndi yoterera, pansi pamatsika mosayembekezereka, ndipo mvula ikagwa kumtunda mtsinje umatha kudzaza pamene inu muli padzuwa. Anthu odziwa kusambira amirapo pamalo amenewa. Malo oyenera kuyambira ndi dziwe losambiramo lomangidwa, mbali yosaya, pamodzi ndi munthu wodziwa kuphunzitsa akuluakulu amene sangakusekeni kapena kukufulumizitsani.

Ku Cape Maclear sankhani m'mawa, nyanja ili bata. Pakati pa May ndi August mphepo ya mwera imautsa mafunde, kotero September ndi October ndi miyezi yabwino kwa munthu woyamba kumene. Funsani eni dera za malo opanda ng'ona ndi mvuu, ndiponso kutali ndi njira za maboti. Imani pamchenga pamene madzi akulekeza m'chiuno, mutavala jekete yoyandamitsa yokukwanani bwino, ndipo musachite nayo manyazi, makamaka popeza madzi a nyanja yathu alibe mchere ndipo sanyamula thupi ngati mmene amachitira a ku Indian Ocean. Weramani, ikani nkhope m'madzi, pumani. Mukamva mtima ukugunda kwambiri, imirirani, pumulani, n'kuyambiranso. Kudziwa kuti mungathe kuimirira nthawi iliyonse imene mwafuna n'kumene kumachepetsa mantha, ndipo ngati tsiku lonse litathera pamenepo, ulendo wanu sunapite pachabe. Musalole kuti anzanu akukwezeni boti lopita ku chilumba cha Thumbi musanafike poyandama chafufumimba mtima uli m'malo.

Koma mukadzafika kumiyala ya ku Thumbi kapena ku Otter Point, mudzaona chifukwa chimene anthu amachokera kutali kudzaona nyanja imeneyi. Tinsomba ta mbuna, tabuluu, tachikasu, tamizeremizere, timabwera pafupi ndi nkhope yanu mosaopa. Malowa ali mkati mwa Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha nsombazi, zimene zambiri mwa izo sizipezeka kwina kulikonse. Maso akatanganidwa ndi kutsatira kansomba kamodzi, maganizo amachoka pa mpweya ndipo thupi limapuma lokha. Zimandipweteka kuti ambiri a ife tinabadwira m'dziko la nyanja imeneyi koma mbuna timangoziona pazithunzi.

Za botolo la mpweya, zimene amazitcha scuba, musazifulumirire, ndipo musadzayese popanda mphunzitsi wovomerezeka. Maphunziro oyamba a PADI, bungwe lophunzitsa za scuba, otchedwa Open Water, amafuna kuti munthu athe kusambira mamita 200, kapena mamita 300 atavala magalasi, kapaipi ndi zipsepse za kumapazi, komanso kuti ayandame mphindi 10, ndipo womaliza maphunzirowa amaloledwa kutsika mpaka mamita 18. Pa mamita 10 mphamvu yokanikiza thupi imakhala itawirikiza kawiri poyerekeza ndi pamwamba. N'chifukwa chake amakuphunzitsani kutsina mphuno n'kuuzira pang'ono kuti makutu asapweteke, ndipo amaletsa kulowa muli ndi chimfine. N'chifukwa chakenso lamulo lalikulu ndi lakuti musagwire mpweya pokwera, pakuti mpweya umene munakoka pansi umafufuma ndipo ungavulaze mapapo. Munthu wamantha amathamangira pamwamba atagwira mpweya, ndiye mukuona kuti mantha ayenera kuyamba achepa pamadzi osaya. Ngati muli ndi mphumu, khunyu, vuto la mtima kapena kuthamanga kwa magazi, yambani mwaonana ndi dokotala.

Pali chinanso chokhudza ife a kumapiri kuno. Munthu amene analowa ndi botolo la mpweya akatuluka pansi pa madzi, m'thupi mwake mumatsalira mpweya wa nitrogen umene umachoka pang'onopang'ono, ndipo kukwera pamalo okwera mofulumira kungamudwalitse. Nyanja ili pamamita osakwana 500 kuchokera pamlingo wa nyanja zamchere, pamene Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje, ali pamamita 3,002. Musakonze zokwera phiri tsiku lotsatira, ndipo ngakhale za ulendo wobwerera ku Thyolo funsani mphunzitsi wanu kuti mudikire maola angati. Mukabwerako, pakapita miyezi iwiri kapena itatu kayezetseni likodzo, chifukwa m'madera ena a m'mphepete mwa nyanja limapezeka, ndipo mankhwala ake a praziquantel alipo m'zipatala.

Pomaliza ndinene za Freddy, popeza mwamutchula. Mantha amene munatenga poona madzi osefukira atanyamula miyala, mitengo ndi nyumba, amene makolo athu ankati ndi Napolo, musayese kuwachotsa. Snorkeling ingakuphunzitseni kupuma modekha m'madzi abata, koma palibe katswiri wosambira amene angalimbane ndi Ruo kapena Thuchila atadzaza. Nyengo ya mvula ikafika, ngakhale mutadzakhala ndi satifiketi ya scuba m'chikwama, mtsinje wodzaza musauwoloke, ndipo ana anu a sukulu muziwauza chimodzimodzi.