Funsani Amalume: Nkhani zanga zopeka zingapikisane nawo pa mphoto?

FUNSO: Moni amalume. Ine ndimakhala ku Ulongwe kuno ku Angónia, ndimalemba nkhani zopeka zija za zinthu zoti sizinachitikepo, ina ndi ya mtsikana wa ku Domwe wokonza maloboti olima mbatatesi m'chaka cha 2090 Zambezi ataphwa, ina ya agogo ocheza ndi mizimu pa foni. Zina ndinaziponya pa Facebook, zina ndinakasindikiza ku papelariya nkupanga kabuku. Anzanga akuti ndiyesere mphoto za olemba koma kodi angandilole poti ndi za m'Chichewa? Kabukuko sikakuyenda, agula ndi achibale okha enanso mpaka lero sanalipire. Komanso Januwale aliyense ndimalumbira kuti chaka chino mabuku atatu, Disembala nkufika ndilibe olo limodzi. Ndithandizeni.
Mphwanu wa ku Ulongwe

YANKHO: Zikomo mphwanga, ya malobotiyo ndaikonda ndisanaiwerenge nkomwe. Tiyambe ndi mphotozo poti ndi pomwe ambiri amasochera, mphoto iliyonse ili ndi khomo lake ndipo chimakugwetsa nthawi zambiri si luso ayi koma chaka chomwe nkhani inatuluka, kutalika kwake, ndi amene akuyenera kuitumiza.

Yomwe ndikuona kuti ungaigwire ndi Commonwealth Short Story Prize. Anthu amaiwala kuti Mozambique inalowa mu Commonwealth mu 1995, ndiye iwe ndiwe woyenera bola wakwanitsa zaka 18. Kulowa ndi ulere, amatsegula pa 1 Sepitembala nkutseka pa 1 Novembala, nkhani ikhale ya mawu 2,000 mpaka 5,000 ndipo isanasindikizidwepo. Chipwitikizi amalandira, komanso nkhani yomasuliridwa m'Chingerezi kuchokera ku chilankhulo china chilichonse amalandiranso, kutanthauza kuti ulembe m'Chichewa chako chomwecho kenako upeze womasulira wabwino, osati kungoithira mu foni kuti ikumasulire, miyambi yako yonse idzatuluka ili chopindika. Wopambana kuno ku Africa amapata mapaundi 2,500, wopambana onse 5,000. Koma za m'kabuku ka ku papelariya zija usatumize, zinatuluka kale zimenezo.

Ya anthu a nkhani ngati zakozi yeniyeni ndi Nommo, ya bungwe la African Speculative Fiction Society, inayamba kuperekedwa mu 2017. Kumeneko sutumiza wekha ngati kalata yofunsira ntchito, ma membala ndi amene amatchula zomwe zawasangalatsa mwa zomwe zinatuluka chaka chapitacho nkuvota. Hugo, mphoto ya padziko lonse ya nkhani za mtundu womwewu, nayo ndi chimodzimodzi, amavota ndi ma membala a Worldcon, msonkhano wa pachaka wa okonda nkhani zotere, ndipo iyo siletsa chilankhulo, kungoti ovotawo ambiri amawerenga Chingerezi. Nchifukwa chake ukaona olemba kumapeto kwa chaka akulengeza kuti "chaka chino ndatulutsa zakutizakuti, zatuluka mwakuti" usamati akudzitama, akukumbutsa ovota basi, palibe angavotere nkhani yoti sanaimvepo. Caine Prize, mphoto ya nkhani zazifupi za olemba a kuno ku Africa, imafuna nkhani yotuluka kale m'Chingerezi ndipo amaitumiza ndi osindikiza, osati mwini wake. Ya kwathu kuno ya José Craveirinha, ya bungwe la olemba la AEMO yomwe ndalama zake zakhala zikuchokera ku HCB, kampani ya magetsi ya Cahora Bassa yomweyi, imeneyo ndi ya akuluakulu oti analemba kalekale, isakusowetse tulo panopa.

Tsono za Facebook ndikuuze mosabisa, ukuwotcha nkhani zako. Magazini ambiri amati chilichonse chomwe chinaikidwa poyera pa intaneti ndi chotuluka kale, ndiye nkhani yako yabwino kwambiri uzisunga, uyambe waitumiza ku magazini ngati Omenana ya ku Nigeria yomwe imasindikiza nkhani za mtundu umenewu kuyambira 2014, akaikana ndiye uganize zina. Pa Facebook uziikapo tizidutswa tokopa anthu. Ndipo malamulo amasintha chaka ndi chaka, uziwerenga wekha, osadalira za mnzako kapena za amalume ako ano.

Za kabuku, achibale si kasitomala mphwanga, amakukonda koma salipira. Wotenga ayambe watumiza pa M-Pesa kapena e-Mola. Pachikuto lemba dzina lako, mtengo, nambala ya foni ndi chaka chomwe katuluka, chakacho usaiwale poti ndi chomwe adzakufunse tsiku lina. Anthu athu ambiri amamva Chichewa bwinobwino koma kuwerenga anaphunzira m'Chipwitikizi, ndiye uwafikire pa khutu, pita ku wailesi ya m'dera upemphe mphindi zochepa uwerenge nkhani imodzi nkuisiya pokoma, jambulanso mawu ako uziponya m'magulu a WhatsApp. Aphunzitsi a makalasi ophunzitsa m'zilankhulo ziwiri aja amasowa zowerengetsa ana m'Chinyanja, acheze nawo. Ndiye usaiwale kuti malire ali pafupi, ukangodutsa Calomue uli ku Dedza komwe anthu anaphunzira kuwerenga Chichewa kusukulu, msika wako waukulu uli kumeneko, ungodziwiratu mtengo wake m'makwacha.

Mabuku atatu pa chaka? Wakunamiza ndani? Iweyo nthawi ya dzinja uli kumunda ngati tonsefe, madzulo wafika watopa, foni ilibe moto, ulemba nthawi yanji. Chaka chino lonjeza nkhani ziwiri zomalizika, imodzi ya mpikisano ina ya magazini, ndipo uwerengere masiku chobwerera kuchokera pa 1 Novembala. Mawu 200 pa tsiku kwa masiku 20 ndi 4,000, nkhani yatha imeneyo, ukhoza kuilemba Juni mukatha kukolola. Julaye uisiye igone, kenako upatse anthu awiri osakuopa aikhadzule, Ogasiti ndi Sepitembala ikhale kwa womasulira ndipo mugwirizane za malipiro ake musanayambe. Utumize pakati pa Okutobala, osadikira tsiku lomaliza, netiweki ya kwathu kuno ukuidziwa wekha. Ya agogo a mizimu ija ngati sinalowe m'kabuku kapena pa Facebook, yamba ndi imeneyo.