Kupita ku maliro a Ahindu

Mdzukulu wanga wa ku Limbe, uthenga wako ndaumva. Ukuti amayi a bwana wako, mwini sitolo ya nsalu ija, atisiya, ndipo popeza ndi Ahindu thupi akaliwotcha. Anzako akukuopseza kuti ukapitako ukatenga minyama. Pita, mwana wanga. Maliro n'kulirana, ndipo munthu amene umatsegula naye sitolo m'mawa uliwonse sangalire amayi ake iwe uli phee kunyumba.

Moto ukukuchititsa nthumanziwo, kwa iwo ndi ulemu womaliza. Amakhulupirira kuti mzimu sufa, umangosiya thupi n'kukabadwanso, ndipo motowo ndi umene umauthandiza kunyamuka. Amene amayatsa ndi mwana wamwamuna wamkulu. Ukamuona bwana wako akuyandikira nkhunizo manja akunjenjemera, ukumbukire tsiku lija unaponya dothi m'manda a bambo ako. Chisoni chake n'chomwecho. Phulusa amakalithira mumtsinje, ena mpaka amalinyamula kupita nalo ku India, ku mtsinje wa Ganges.

Usavale zakuda, iwo polira amavala zoyera. Pakhomo vula nsapato. Amayi achikulire usathamangire kuwapatsa dzanja, ingophatikiza manja pachifuwa n'kuweramitsa mutu. Chipepeso chako chisakhale nkhuku ayi. Mabanja ambiri achihindu ochokera ku Gujarat, dera la ku India, sadya nyama, ndipo ng'ombe amaipatsa ulemu waukulu. Maluwa kapena zipatso n'zokwanira.

Za chikhristu chako usade nkhawa. Akayamba mapemphero awo, iwe khala chete, upemphere mumtima monga unaphunzitsidwira. Kukhala pambali pa wolira si kusintha mpingo.

Anzakowo sindikuwadzudzula kwambiri, chifukwa anthuwa sanakule nawo. Ife tinakula amwenye ali ndi masitolo kumidzi komwe, kumene tinkagulako mchere, parafini ndi makasu, ndipo ana awo ankayankhula Chichewa ngati ife. M'zaka za m'ma 1970 boma la a Kamuzu linawalamula kusiya malonda akumidzi n'kusamukira m'mizinda, basi kudziwana kuja kunazilala. Zimandiwawa mpaka lero.

Kulira kwawo kumatenga masiku 12 kapena 13. Usangoonekera tsiku la maliro lokha. Pakadutsa masiku angapo ukawazondenso, ukakhale nawo pansi ngakhale osanena zambiri, ndipo ukawauze kuti agogo ako akupepesa.