Kodi yankho la imelo lilembedwe pamwamba kapena pansi?

Wowerenga wina wandilembera kuti mnzake wa kuntchito anamudzudzula chifukwa choyankha imelo pamwamba n'kusiya uthenga wonse wakale pansi pake, ndipo akufunsa ngati analakwadi. Funsoli landikhudza chifukwa ndinagwirapo ntchito ndi bambo ena amene, ukawatumizira mafunso anayi, ankangolemba kuti "Inde" pamwamba, pansi pake pali mauthenga onse a mwezi wathunthu. Unkatsala ukudzifunsa kuti inde ameneyu ndi wa funso liti. Ukawafunsanso ankayankha chimodzimodzi, ndipo mchira wa imeloyo unkangotalikirabe, mpaka tsiku lina zimene tinakambirana awiriwiri zokhudza kasitomala wina zinakafika kwa kasitomala yemweyo, chifukwa bambowo anamuika pa Cc (malo olembapo anthu ena oti nawonso alandire imeloyo) osayang'ana zimene zinali m'munsi.

Mkanganowu sunayambe lero. Mu Okutobala 1995, Sally Hambridge wa kampani ya Intel analemba chikalata cha RFC 1855 chofotokoza za ulemu pa intaneti, ndipo analangiza kuti woyankha azifotokoza mwachidule uthenga umene akuyankha, kapena azisiyako mawu ochepa okwanira kukumbutsa owerenga mutu wa nkhani. Masiku amenewo mzere uliwonse wogwidwa mawu unkayamba ndi chizindikiro cha >, ndipo yankho linkabwera pansi pake. Zinthu zinasintha pamene mapulogalamu monga Outlook anayamba kuika malo olembera pamwamba pa uthenga wakale. Gmail, yomwe inayamba mu 2004, imabisa mawu akalewo kuseri kwa timadontho titatu, moti ambiri sazindikira n'komwe kuti akutumiza zonsezo. 

Ena amati njira iliyonse ndi yabwino malinga ndi chizolowezi cha pa ofesi. Ine sindigwirizana nazo. Munthu amene walandira mafunso angapo n'kuyankha pamwamba osadula kalikonse wadzipeputsira ntchito n'kuisenzetsa aliyense wowerenga, ndipo ngati imeloyo ikupita kwa anthu makumi awiri, onsewo ayenera kuwerenga chobwerera kuti amve zimene iye akanazikonza m'kanthawi kochepa. Umenewu ndi ulesi basi, ngakhale kuti pulogalamu ndi imene inatizoloweretsa.

Ndiye muchite chiyani?

Ngati funso ndi limodzi ndipo mukuyankha munthu mmodzi, kulemba pamwamba sikulakwa, choncho mwina mnzanuyo anawonjeza. Mafunso akachuluka, siyani mzere wa funso lililonse, lembani yankho pansi pake, ndipo fufutani zotsalazo. Musanawonjezere munthu watsopano pa Cc, dinani timadontho tija muwerenge zonse zimene zabisika.